Bloomburrow: makhadi a Magic okoma pa draft, koma bokosi lathunthu si la aliyense

Kampani ya Wizards of the Coast idatulutsa Bloomburrow, gulu la makhadi a masewera a Magic: The Gathering, pa 2 Ogasiti 2024, masewera a prerelease (olawa makhadi asanatuluke) atayamba kale pa 26 Julayi. Gulu limeneli lili ndi makhadi 261: 81 a common, 100 a uncommon, 60 a rare ndi 20 a mythic rare, kuwonjezera apo ma land wamba 20 (makhadi opereka mana, mphamvu yolipirira makhadi ena). M'dziko lake mulibe munthu ngakhale mmodzi. Ngakhale Ral Zarek, planeswalker (wamatsenga woyenda m'maiko osiyanasiyana) yekhayo m'gululi, wasanduka katumbu atangolowamo.

Zonse zamangidwa pa nyama khumi, iliyonse ndi mitundu iwiri ya mana. Mbewa ndi zofiira ndi zoyera, akalulu obiriwira ndi oyera, mbalame zoyera ndi zabuluu, mileme yoyera ndi yakuda, makoswe abuluu ndi akuda, abuluzi akuda ndi ofiira, akatumbu abuluu ndi ofiira, agologolo akuda ndi obiriwira, achule obiriwira ndi abuluu, ndipo ma raccoon ndi ofiira ndi obiriwira. Mphamvu ya gululi ili pomwepa, chofooka chakenso chili pomwepa. Wosewera watsopano amadziwa msanga chimene deki yake ikufuna, pakuti chithunzi chokha chimamuuza. Koma amene amakonda kusakaniza mitundu itatu apeza njira yopanikiza.

Mwa malamulo atsopano, Offspring ndi limene lagwira bwino ntchito. Mukamaponya khadi mumatha kulipira mana owonjezera, ndipo chilombocho chikalowa m'bwalo chimabwera ndi mwana wake, tokeni (chilombo chimene si khadi la mu deki) yofanana nacho m'zonse kupatula kuti ndi 1/1, kutanthauza mphamvu yomenya 1 ndi toughness (kulimba) 1. Tengani Steampath Charger: ndi mana 2 mupeza buluzi wa 2/1 woukira nthawi yomweyo, ndi mana 4 mupeza abuluzi awiri, aliyense akafa amachotsera wosewera moyo 1. Khadi limodzi lomwelo ndi lothandiza pa ulendo wachiwiri komanso wachisanu ndi chitatu. Anthu amalakwitsa zinthu zitatu. Choyamba, mana owonjezerawo amalipiridwa poponya pokha. Khadi lobwezedwa kuchokera kumanda ndi mphamvu ya khadi lina silibwera ndi mwana. Chachiwiri, mnzanu akaliletsa lisanalowe m'bwalo, mwataya mana onse ndipo mwana palibe. Chachitatu, akapha kholo litalowa kale, mwana amabwerabe, ndipo amatengera zolembedwa pa khadi, osati ma +1/+1 amene kholo lidapatsidwa.

Vuto la Offspring ndi lapatebulo. Matokeni ake adasindikizidwa, koma paketi imakhala ndi malo amodzi okha a tokeni, motero nthawi zambiri yomwe mukuifuna simukhala nayo. Anthu amaika dayisi kapena khadi lozondotsa, ndiye pakapita maulendo atatu palibe amene akukumbukira kuti kanthuko kamauluka kapena ayi. Tengani timapepala ndi cholembera, lembani dzina la kholo pa kalikonse.

Valiant ndi ya mbewa, ndipo imadzuka chilombo chikalozedwa ndi khadi kapena mphamvu yanu koyamba pa ulendo uliwonse. Mawu akuti uliwonse ndi ofunika: ulendo wa mnzanu nawonso ukuwerengedwa, choncho amene ali ndi ma instant (makhadi oponyedwa ngakhale pa ulendo wa mnzanu) amaidzutsa kawiri pamene mnzake aidzutsa kamodzi. Heartfire Hero, khadi la uncommon la mana 1, ndi loopsa kuposa mmene limaonekera. Limayamba ndi 1/1. Pa ulendo wachiwiri muliponyere Monstrous Rage ya mu Wilds of Eldraine: Valiant iwonjezera +1/+1 poyamba, kenako +2/+0 ndi +1/+1 ya Role (tokeni imene khadilo limaika pa chilombo), mbewa ija yasanduka 5/3 yokhala ndi trample (mphamvu yotsala imapitirira chotsekereza n'kumenya mdani), ndipo mwatsalabe ndi mana 1. Ikafa imamenya mdani ndi mphamvu zake zonse. Pamodzi ndi Emberheart Challenger ndi Manifold Mouse, deki yofiira ya Standard (kaseweredwe ka makhadi a zaka zaposachedwa okha) idapeza mano mu 2024, moti amene analibe makhadi otchipa ophera zilombo, moyo wake 20 unkatha asanaponye kanthu kakakulu.

Gift ndi lamulo lanzeru koma losavuta kuligwiritsa ntchito molakwika. Mumalonjeza mnzanu mphatso, kaya khadi, tokeni ya Food (chakudya), ya Treasure (chuma) kapena nsomba ya 1/1, kuti khadi lanu likule mphamvu. Into the Flood Maw imabweza chilombo cha mdani m'manja mwake ndi mana 1, koma mukalonjeza nsomba imabweza chilichonse chimene si land. Lonjezo limanenedwa poponya, simungasinthe maganizo pambuyo pake. Pa instant ndi sorcery, khadi likaletsedwa mphatso siperekedwa. Pa draft (pamene osewera amasankha makhadi m'mapaketi n'kupanga deki pomwepo) musapepuse kansomba ka 1/1: kamatsekereza chilombo chanu chachikulu ulendo wathunthu, ndipo ulendo umodziwo ndi umene masewera othamanga amathera.

Expend ya ma raccoon ndiyo yosokoneza kwambiri. Imawerenga mana amene mwawononga poponya makhadi pa ulendo umodzi, ndipo imadzuka mukafika pa mana achinayi, kapena achisanu ndi chitatu pa makhadi ena. Mana olipirira mphamvu za makhadi amene ali kale m'bwalo sawerengedwa. Kukweza khadi la Class (lokwezedwa ndi mana lili kale m'bwalo) ngati Innkeeper's Talent sikuwerengedwa, kudya Food sikuwerengedwa. Komanso raccoon iyenera kukhala m'bwalo nthawi imene mana achinayi akutuluka, ndiye iponyeni poyamba, zinazo pambuyo. Forage ya agologolo ndi yophweka: chotsani makhadi atatu kumanda kapena perekani Food imodzi. Kungoti isasakanizidwe ndi Threshold ya makoswe, imene imafuna makhadi 7 m'manda momwemo. Onse awiri ali ndi mtundu wakuda, motero n'kosavuta kudzipangira deki yodzidya yokha.

Pa draft, deki ndi ya makhadi 40, kawirikawiri 17 a land ndi 23 ena. Ya mbewa kapena abuluzi imayenda ndi 16. Masewera ndi othamanga. Deki yopanda zoponya zokwanira za mana 2 imayamba kumbuyo ndipo sipezanso mpata. M'paketi yoyamba tengani makhadi ogwira ntchito paliponse, monga Carrot Cake, imene imapereka kalulu polowa ndi wina mukaidya, kapena Take Out the Trash yomenya 3 ndi mana 2. Makhadi a Duo, okhala ndi mitundu iwiri ya nyama, komanso Three Tree Mascot imene ndi nyama iliyonse, amathandiza kuti musadzimange msanga. Koma pofika pakati pa paketi yachiwiri sankhani nyama yanu. Theka mbalame theka achule ndi deki yogonja, ngakhale khadi lililonse palokha likhale labwino. Ma land opereka mitundu yambiri ndi ochepa, Uncharted Haven ndi Fabled Passage ndiwo odalirika, ndiye mtundu wachitatu uyenera kukhala wa khadi lamphamvu zedi. Maha, Its Feathers Night, kadzidzi wa 6/5 amene amatsitsa toughness ya zilombo za mdani kufika pa 1, amafuna mana akuda awiri, choncho sayenera kulowetsedwa mokakamiza.

Tsopano zogula. Play Booster ili ndi makhadi 14, rare kapena mythic imodzi ndi yotsimikizika, ndipo malo ena awiri akhoza kutulutsanso rare. Bokosi lili ndi mapaketi 36. Draft ya anthu asanu ndi atatu imadya mapaketi 24, otsala 12 akhale mphoto: bokosi lagwira ntchito yake yeniyeni. Koma ngati mukufuna makope anayi a rare imodzi pa deki ya makhadi 60, bokosi silingakupatseni, poti ma rare 60 agawana mipata yochepa yomweyo. Gulani makhadiwo limodzilimodzi. Bundle ili ndi mapaketi 9, ndi yabwino kwa wongofuna kulawa. Value Booster ya makhadi 7 ilibe rare yotsimikizika, isiyeni. Collector Booster ndi ya okonda zithunzi, makamaka Lumra, Bellow of the Woods wojambulidwa ndi Mitsuhiro Arita, katswiri wodziwika ndi makhadi a Pokémon. Pa masewera siiwonjezera kanthu. Makhadi onyezimira amapindika kukakhala chinyezi, ndipo khadi lopindika limadziwika mu deki, zimene oweruza mpikisano salola. Aikeni m'timatumba tiwiri ndi kuwasunga m'bokosi lotseka bwino.

Ma deki a Commander (kaseweredwe kena, ka madeki a makhadi 100) ndi anayi: Peace Offering, Animated Army, Family Matters ndi Squirreled Away, iliyonse makhadi 100 okonzeka kuseweredwa. Makhadi opangidwira madeki amenewa okha saloledwa mu Standard. Osewera Standard ayang'anenso madeki awo akale asanapite ku mpikisano, chifukwa Bloomburrow itabwera mu 2024, Innistrad: Midnight Hunt, Innistrad: Crimson Vow, Kamigawa: Neon Dynasty ndi Streets of New Capenna adachotsedwa mu Standard.