Supercharger Kapena Turbo: Choyenera Njinga Yamoto Ndi Chiti?

Injini imapeza mphamvu potentha petulo wosakanikirana ndi mpweya, ndipo chimene chimaipinga kawirikawiri si kuchepa kwa petulo koma kuchepa kwa mpweya umene silinda ingakoke payokha. Supercharger ndi turbo zimagwira ntchito imodzi, yokankhira mpweya wochuluka m'silinda kuti petulo wambiri apse nthawi imodzi. Zimasiyana kumene zimatenga mphamvu yozizunguza, ndipo pa njinga yamoto kusiyana kumeneku woyendetsa amakumva m'dzanja lake lamanja.

Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, mphamvu imene ikanangotayika m'paipi. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo vuto lake lagonanso pomwepo, chifukwa utsiwo uyenera kuyamba wachuluka kuti turbo ithamange, choncho pamakhala kanthawi pakati pa kuwonjezera moto ndi kufika kwa mphamvuyo. Pa galimoto kuchedwa kumeneku munthu amakupirira. Koma pa njinga, pamene mwapendekeka pakona ndipo tayala lakumbuyo lagwira msewu ndi kachigawo kosaposa chikhatho, mphamvu yochedwa kenaka n'kufika yonse mwadzidzidzi ikhoza kuterereketsa tayalalo. Makampani anayi akuluakulu a ku Japan anaiyesa njirayi: Honda inatulutsa CX500 Turbo mu 1982, Yamaha XJ650 Turbo chaka chomwecho, Suzuki XN85 mu 1983, ndipo Kawasaki inatsatira ndi GPz750 Turbo. Zonsezi sizinakhalitse pamsika, popeza zinali zolemera ndi zokwera mtengo, pamene njinga wamba za 1000cc kapena 1100cc zinkathamanga mofanana nazo popanda zida zonsezo.

Supercharger imalumikizidwa ku injini yeniyeniyo ndi lamba, tcheni kapena magiya, kotero kuti injini ikakweza liwiro, iyonso imakweza nthawi yomweyo. Luso limeneli si latsopano. Mu 1939 Georg Meier wa ku Germany anapambana mpikisano wa njinga zamoto wa Senior TT pachilumba cha Isle of Man, pakati pa Britain ndi Ireland, atakwera BMW yokhala ndi supercharger, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha chidachi chinaletsedwa m'mipikisano ikuluikulu ya njinga. Amene anachibwezera pamsewu mwamphamvu ndi a Kawasaki mu 2015, ndi Ninja H2 ya 998cc, imene kafani kake kokankha mpweya kamazungulira pafupifupi maulendo 130,000 pa mphindi. Inzake yongoyendera m'mabwalo a mpikisano, H2R, ili ndi ma horsepower (muyezo wa mphamvu ya injini) oposa 300, ndipo mu 2016 katswiri wa mipikisano ya njinga, Kenan Sofuoğlu, anafika nayo makilomita 400 pa ola pa mlatho wa Osman Gazi ku Turkey.

Sindikunena kuti supercharger ilibe mtengo wake. Imadya gawo la mphamvu ya injini kuti izungulire, ndipo petulo amatha msanga. Chachikulu, chimene chimakhudza zida zonse ziwiri, ndi kutentha: mpweya wopanikizidwa umatentha, ndipo ukatentha kwambiri petulo amaphulika nthawi yake isanakwane n'kuboola kapena kusungunula pisitoni. N'chifukwa chake H2 yoyambirira inali ndi kupanikiza kwa m'silinda (mlingo umene pisitoni imafinyira mpweya, umene ukatsika kutentha kumachepa) kwa 8.5:1 kokha, pamene ZX-10R ya kampani yomweyo, yopanda supercharger, ili pa 13:1. Amene akufuna kumangirira chida chimodzi mwa ziwirizi pa njinga imene sinapangidwire zimenezi aganizire bwino manambala awiriwa, pakuti ntchito siithera pogula chidacho. Pafunika mapisitoni olimba, kasinthidwe ka kompyuta yopima petulo, kilatchi yopirira, ndiponso petulo wabwino nthawi zonse. Pa kanjinga ka 125cc kozizira ndi mphepo yokha, ndalamazo ndi bwino kuzisunga n'kudzagulira njinga yokulirapo.

Turbo ili ndi malo ake, ndiwo mpikisano wothamanga pamsewu woongoka wopanda kona, kumene njinga za Suzuki Hayabusa zoikidwa turbo zimatulutsa mphamvu zodabwitsa. Koma pa njinga yoyendera tsiku ndi tsiku m'misewu yokhotakhota, ine ndimasankha supercharger, chifukwa mphamvu yake imatsata dzanja langa. Honda nayo yaonetsa kuti nkhani ndi imeneyi: mu 2024 ku Milan, ku Italy, inaonetsa injini ya masilinda atatu yokhala ndi chokankhira mpweya choyendera magetsi, chimene sichidikira utsi kapena liwiro la injini kuti chiyambe ntchito.