Kamita ka maperesenti, multimeter, hydrometer ndi shunt: chonena zoona za batire ndi chiti?

Chitayireni mabatire awiri a inveta a 200Ah (Ah ndi muyeso wa mphamvu yomwe batire limasunga), anthu a kuno ku Mufakose, mu Harare, sakundipatsa mpata. Tikangotuluka m'tchalitchi wina amandikokera pambali: "Achimwene, batire langa likumatha teni koloko isanakwane, chonsecho mita imati ladzaza. Ndigule chiyani?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi. Manambala onse pano ndi a batire limodzi la 12V. A 24V muchulukitse mavolti kawiri.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka. Inveta, makina osandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, ndinaigula mu 2019, chaka chomwe madzi anatsika kwambiri ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi n'kumathima mpaka maola 18 pa tsiku. Mabatire oyamba ananditumikira bwino. Pogula achiwiri, mnyamata wa pa shopu ina m'tauni anandinyengerera kuti ndiwonjezepo kamita kowala kosonyeza maperesenti. "Mudhara, apa simuvutikanso, muzingoyang'ana basi." Ndinamukhulupirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kamita kameneka sikadziwa kuti m'batire mwatsala mphamvu yochuluka bwanji. Kamangowerenga mavolti n'kuwasandutsa maperesenti. Tsono magetsi akabwera usiku, inveta n'kuyamba kutchaja, mavolti amakwera kupitirira 13 batire lisanamwe n'komwe theka la zomwe linataya, ndipo kamita kamalemba 100%. Ine poona zimenezo ndinatsitsa mphamvu yotchajira pa inveta, ati kusamala mabatire, osadziwa kuti magetsi akumathimanso mbandakucha iwo asanakhute. Batire la asidi likamakhala losadzaza masabata ambiri, sulphate, zotsalira za asidi, amauma pa mapuleti a m'kati mwake ndipo sasungunukanso. Patangotha chaka ndi miyezi iwiri, filiji inayamba kuzima pakati pa usiku, nyama ya mwezi wonse inanunkha, ndipo nditabwerera ku shopu kuja anangoti galanti siikhudza batire lophedwa ndi mwini wake. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikadutsa pakhomo pawo.

Kadiso kobiriwira ka pamwamba pa mabatire ena kamangoona selo imodzi mwa zisanu ndi chimodzi (tizipinda ta asidi ta m'batire), choncho sindikawerengera.

Multimeter, kachida ka m'manja koyezera magetsi, nayo imawerenga mavolti, koma siikunamizani chifukwa imakupatsani nambala yeniyeni, kumasulira n'kwanu. Pafupifupi 12.7V ndiye kuti ladzaza, 12.2V lili pa theka, likafika 12.0V mwalifinya kale mopitirira. Vuto lake n'lakuti batire liyambe lapuma maola angapo, osatchajidwa, osayatsa kanthu. M'nyumba ya ana asukulu ndi filiji, mpata umenewo umapezeka kamodzikamodzi. Komabe nyumba iliyonse ya inveta ikhale nayo.

Mtima wanga uli pa hydrometer, ndipo sindibisa. Yomwe ndili nayo inali ya malemu bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kukalambira pa garaja ku Southerton, konkuno ku Harare. Inakhala m'bokosi zaka zambiri pamene ine ndinkadalira kamita kowala kaja. Ndi kagalasi chabe kokhala ndi mphira pamwamba: mumatsegula chitsekero, kuyamwa madzi a m'selo, n'kuwerenga pomwe kachoyandama kaima. Chimene imayeza ndi kulemera kwa asidi, ndipo asidi sanama, pakuti batire likamatha asidi amalowa m'mapuleti, madzi otsala n'kupepuka. Pa mabatire ambiri, 1.265 ndi lodzaza, 1.190 ndi theka, 1.120 latheratu. Mavolti akhoza kudumpha chifukwa choti tchaja yangoyaka kumene, koma asidi sathamanga choncho.

Chinanso chomwe zida zinazi sizingachite: hydrometer imakuuzani za selo iliyonse payokha. Nditayeza mabatire anga akufa aja, limodzi linali ndi selo imodzi yotsalira kutali ndi zinzake, ndipo ndi imeneyo inkakokera pansi onse awiri. Maselo akasiyana ndi 0.050 kapena kuposa, dziwani kuti pali matenda. Ndikanayeza mwezi ndi mwezi, ndikanapita nalo ku shopu lidakali ndi umboni woonekeratu.

Ili ndi zovuta zake. Asidi amaboola malaya ndipo akhoza kukuphani maso, choncho valani magalasi, ana akhale kutali, fodya ndi kandulo zisayandikire chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka. Musayeze mutangothira madzi a batire, adzakhala asanasakanikirane ndi asidi. Ndipo pa mabatire omata a gel ndi AGM, amene adzaza m'mashopu masiku ano, palibe poiloweza.

A mabatire omatawo, yanu ndi shunt. Imamangidwa pa waya wa negative n'kumawerenga mphamvu iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngati msungichuma wa chipani cha maliro wolemba ndalama m'buku. Mlamu wanga ku Highfield ali ndi SmartShunt ya Victron, amaona zonse pa foni kudzera pa Bluetooth, ndipo ndi chida chabwino ndithu. Koma mtengo wa pa bokosi si wonse. Pamafunika chidutswa china cha waya wonenepa, timitu take ta kopa, ndi wamagetsi wodziwa kuti waya aliyense wa negative ayenera kudzera pa shunt, apo ayi buku lisokonekera. Muyeneranso kuiuza ma Ah a batire lanu, ndi kuwatsitsa batire likamakalamba. Batire likapanda kudzaza kwenikweni kwa nthawi yaitali, maperesenti ake amayamba kuphonya pang'onopang'ono mpaka tsiku lomwe lidzadzazenso.

Ine ndinagulanso mabatire otsegula zitsekero mwadala, kuti ndizitha kugwiritsa ntchito kagalasi ka bambo. Loweruka loyamba la mwezi ndimayeza maselo onse 12 n'kulemba m'kope, ndipo Lamlungu, tikapita kotchalitchi zonse zitazimitsidwa, pobwera ndimayeza ndi multimeter. Amene muli kale ndi gel, sonkhani ndalama ya shunt musanaganize zowonjezera panelo ya sola. Kamita kaja ndinakazula, ndipo mphwanga atakapempha ndinamukaniza.