Patriot ndi Gepard: chida chiti pa mdani uti?

Usiku ku Kyiv, likulu la Ukraine, ndege zopanda woyendetsa za Shahed-136 zotumizidwa ndi Russia zikamabwera zimalira ngati njinga yamoto yokutha. Imodzi mtengo wake ndi madola masauzande makumi angapo chabe, pomwe mzinga umodzi wa mtundu wa PAC-3 wa Patriot, chida cha ku America chogwetsera ndege ndi mizinga, ndi pafupifupi madola 4 miliyoni. Kuwombera kandege kotchipa ndi mzinga woterowo n'kusakaza chuma, ndipo mdani amadziwa zimenezo. Amatumiza tambirimbiri dala kuti nkhokwe ya mizinga iume.

Apa m'pamene Gepard, galimoto yankhondo ya ku Germany ya m'ma 1970, yaonetsa phindu lake. Ili ndi rada yakeyake (chipangizo chozindikira zouluka zili patali) ndi mfuti ziwiri za mamilimita 35, ndipo zipolopolo zake sizidula ngati mizinga. Vuto n'loti imangofika makilomita ochepa, choncho iyenera kuima pafupi ndi chomwe ikulondera, monga malo opangira magetsi.

Koma mzinga wothamanga ngati Kinzhal, Gepard singaukhudze n'komwe. Patriot ndiyo inaugwetsa ku Kyiv mu Meyi 2023. Kwa ine, Patriot isungidwire zoopsa zoterezi, tindegeto asiyire Gepard, ndipo marada onse alumikizidwe kuti msilikali azindikire msanga chimene chikubwera asanasankhe chowombera nacho.