Botolo la madzi otentha pa ululu wa chotupa cha m'thumba la mazira: nyenyezi 4 mwa 5

Botolo lake ndi lija lalabala, la malita 2, lobwera ndi kathumba kaubweya, lomwe limadzaza m'mafamase kuno ku Joni nyengo yozizira ikamayandikira cha mu Meyi. Patatha miyezi inayi likugwiritsidwa ntchito, ndemanga yanga ndi yoti pa ululu wa chotupa cha m'thumba la mazira la amayi, uja wonyong'onya, wolemera mbali imodzi ya chinena, limathandizadi. Kutentha kumamasula minofu yomwe yakungika ndipo magazi amayenda bwino pamalopo, moti pakapita mphindi khumi munthu umayamba kupuma bwino. Koma chotupacho silichotsa ayi. Zotupa zambiri zobwera ndi msambo zimaphwa zokha m'miyezi iwiri kapena itatu, ndipo botololi ntchito yake ndi kukupepuzani pamene mukudikira, mutaunikidwa kale kuchipatala n'kudziwa kuti chotupa chanu ndi cha mtundu wanji.

Ambiri amalakwitsa pothira madzi. Ketulo ikawira, idikireni mphindi zisanu kapena khumi. Kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 chifukwa Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700, komabe kutentha kumeneko n'kokwanira kusupula khungu ndi kufooketsa labala. Gwirani botolo pakhosi, kutali ndi nkhope, thirani pang'onopang'ono mpaka magawo awiri mwa atatu basi. Kenako ligonekeni patebulo kukamwa kwake kutayang'ana m'mwamba, mulipsinje mpaka madzi aonekere pakhosi. Mukasiya mpweya m'kati limafufuma ngati chibaluni, siligwirana ndi mimba, ndipo mukalitsamira ndi pomwe msoko umaphulika. Mangani chotsekera, pukutani madzi otsalira pakamwa, lizondotseni pasinki muone ngati likudontha.

Gonani chammbali mutapinda mawondo, pilo pakati pa miyendo, botolo mbali yomwe ikuwawayo. Ululu ukamathamangira kumsana, liikeni m'chiuno kumbuyo. Mphindi 15 mpaka 20 zakwana, ndiye mupumitse khungu musanabwereze.

Nyenyezi imodzi ndachotsera kathumbako. N'kopyapyala kwambiri, ndipo pakhosi sikaphimba bwino, moti pamafunika thaulo kapena chitenje chopinda kawiri pakati pa botolo ndi thupi. Izi musazipeputse. Khungu la pamimba likamatenthedwa tsiku ndi tsiku kwa maola ambiri limachita mawangamawanga ofiirira ngati ukonde, mbala zomwe zija amakhala nazo m'miyendo anthu okonda kuotha moto pafupi, ndipo zimachedwa kutha. Kugona nalo usiku wonse ndiye ayi ndithu, chifukwa munthu uli m'tulo sumva kuti ukupsa. Amene ali ndi matenda a shuga asamale kwambiri poti khungu lawo nthawi zina silimva kutentha msanga.

Poyerekeza ndi kapilo kamagetsi, botolo lapambana pa chinthu chimodzi chachikulu: magetsi akazima, madzi mutenthetsa pa gasi. Kathumba kodzaza tirigu, komwe ena amakatenthetsa n'kuika pamalo owawa, kamafuna microwave ndipo kamazizira msanga.

Pogula, yang'anani kaduwa kodindidwa palabala, nthawi zambiri pafupi ndi khosi. Nambala ya pakati ndi chaka chomwe linapangidwa, ndipo timagawo 12 tozungulira ndi miyezi. Labala imakalamba ngakhale botolo lili pashelefu, choncho lisinthidwe pakapita zaka ziwiri, kapena msanga mukaona timing'alu polipinda. Limene lalembedwa BS 1970 ndi lomwe linapangidwa motsatira muyezo wa mabotolowa. Otchipa opanda chizindikiro chilichonse ndi amene amakonda kudontha pa chotsekera. Mukamaliza, khuthulani madzi, lipachikeni chozondoka liume, ndipo mulisunge losatseka, pamalo opanda dzuwa.

Kudzimbidwa kumawonjezera ululu wa m'chinena, ndiye madzi akumwa, masamba ndi papaya zisasowe. Ngati a dokotala anati chotupa n'chachikulu, choposa masentimita 5, pewani kulumpha ndi kunyamula zolemera.

Chomwe ndikufuna amayi anzanga amvetsetse ndi ichi. Pali ululu wina womwe botolo silingauthe. Ukabwera mwadzidzidzi, wobaya kwambiri mbali imodzi, pamodzi ndi kusanza, kutentha thupi, chizungulire, thukuta lozizira kapena kukomoka, mwina thumba la mazira lapotokola ndipo magazi sakufikako, kapena chotupa chaphulika n'kumataya magazi m'kati. Lopotokolalo likachedwa kuchitidwa opaleshoni limafa. Chimodzimodzi ngati mwadumphitsa msambo ndipo mbali imodzi ikuwawa: yezetsani mimba kaye musanaike botolo, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imayamba choncho ndipo imapha. Zikatero musataye nthawi ndi ketulo. Imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi, kapena wina akutengereni ku chipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi Charlotte Maxeke ku Parktown, Rahima Moosa ku Coronationville kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Tengani kapepala ka sikani yanu yomaliza ngati mulinako, ndipo muwauze tsiku lomwe munayamba msambo womaliza.