Laputopu ya 4GB sinafe ayi: Mint Xfce, antiX ndi ma extension a Firefox

Amene tili ndi malaputopu akaunjika aja, Core i3 yakalekale, RAM 4GB, hard disk yozungulira ija yomalira krrr ukangotsegula chinthu, nkhani ya Windows 10 yatikhudza kwambiri. Support yake inatha pa 14 October 2025, ndiye Windows 11 ikufuna TPM 2.0 (kachipangizo kachitetezo ka mkati mwa kompyuta) ndi purosesa yatsopanoko, zomwe makina athuwa alibe. Anthu akungoti gulani ina, ndalama zake zichokera kuti? Ine ndakhala ndikuyesa ma Linux opepuka, ma system oika m'malo mwa Windows, pa laputopu yangayi ndipo ndili ndi zokuuzani.

Ndinayamba ndi antiX poti aliyense amaitama kuti ndi yopepuka zedi, ndipo sakunama. Ndi yochokera ku Linux ina yotchedwa Debian, ilibe systemd (pulogalamu yomwe ma Linux ambiri amagwiritsa ntchito poyatsa makina), ikayaka RAM yomwe ikudya siifika ndi 300MB yomwe, mpaka fani imakhala chete. Koma kunena zoona si ya munthu amene wangochoka kumene pa Windows, menu yake yadzaza timapulogalamu tambirimbiri tamayina achilendo, kulumikiza wifi kokha umayamba wasakasaka kaye, ndiye ngati laputopuyo mumabwerekana ndi ana asukulu kunyumba muzingoitanidwa nthawi zonse. Ngati makina anu ali ndi 2GB kapena kuchepera apo, ikani imeneyi basi, palibenso kuchitira mwina. Puppy Linux ndinangoiyendetsa pa flash, imalowa yonse mu RAM nkumathamanga bwino, ndi yabwino kupulumutsira mafayilo kompyuta ikakana kuyaka, koma yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ayi.

Yomwe ndakhazikika nayo ndi Linux Mint 22 ya Xfce, yomwe ili ndi desktop yopepuka. Imalemerako pang'ono kuposa antiX koma menu ili pansi kumanzere monga tinazolowera, flash ukaika imangotseguka, LibreOffice ndi Firefox zilimo kale, ndipo ma update azibwerabe mpaka 2029. Chowawa ndi download yake, ISO, fayilo yoikira system ija, ndi pafupifupi 3GB, ndiye dikirani bundle yausiku kapena mukopere kwa mnzanu amene ali nayo kale. Muike pa flash ndi pulogalamu ya Ventoy, imalola ma ISO angapo pa flash imodzi, muyese kaye musanafufute chilichonse makamaka wifi ndi sound.

Tsono chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi, kusintha system kokha sikuthetsa vuto. Chimene chimamaliza RAM ndi browser. Mutha kukhala ndi antiX yanu yopepukayo koma mukatsegula Facebook, YouTube ndi WhatsApp Web pamodzi makina ayambanso kukwawa ngati lole yodzadza matumba pa chitunda. Apa mpamene ma extension, timapulogalamu toonjezera mu browser, akugwira ntchito yaikulu kuposa Linux yeniyeniyo.

uBlock Origin ya Raymond Hill ndiye ndimaikonda ndi mtima wonse. Imatseka ma advert ndi ma tracker (zotsata zomwe mukuchita pa intaneti) asanayambe nkomwe kutsika, kutanthauza kuti bundle yanu sikupita ku mavidiyo otsatsa malonda omwe simunawapemphe. Lowani mu settings, pali pena polembedwa Block media elements larger than 50 KB, mukachonga pamenepo zithunzi zikuluzikulu sizitsika, pamangotsala kabokosi ndipo chomwe mukufuna kuona mumadina nokha. Pa masamba a nyuzi kusiyana kwake kumaonekeratu, tsamba limatseguka nthawi yomweyo ngakhale network ikuvuta. Masamba ena amaoneka opanda kanthu ndithu, koma mutha kuzimitsa pa tsamba limenelo lokha. Dziwaninso kuti pa Chrome uBlock Origin yathunthuyi inasiya kugwira chifukwa cha malamulo atsopano a ma extension otchedwa Manifest V3, kunatsala uBlock Origin Lite yomwe mphamvu zake nzochepa, nchifukwa chake ndikuti Firefox.

Yachiwiri ndi Auto Tab Discard, imagoneka ma tab omwe simukuwagwiritsa ntchito RAM nkumasuka, kwa ife otsegula ma tab ambiri nkuiwala ndi yothandiza heavy. Ingokumbukirani kuika WhatsApp Web pa mndandanda wa zosagonekedwa apo ayi mameseji sazilowa. Kenako enhanced-h264ify, iyi anthu saidziwa koma pa makina akale ndi yofunika, YouTube imakonda kutumiza vidiyo mu ma format a VP9 kapena AV1 zomwe graphics zakale sizitha kuwerenga zokha ndiye purosesa imavutika nkumatentha, extension iyi imakakamiza format ya H.264 yomwe graphics zakalezo zimatha kuwerenga. Kwa ine pa 480p vidiyo inasiya kudukaduka ndipo batire likukhalitsako magetsi akazima.

Dark Reader ndinaichotsa, maso amapumadi usiku koma imachedwetsa masamba pa makina ofooka. Ma VPN aulere aja odzadza mu store musawayandikire, extension yotere imaona chilichonse chomwe mukutsegula, ngakhale za ku banki. Zitatu zomwe ndatchulazo nzokwanira, ndipo mukapeza kandalama musinthe hard disk ija muike SSD, disk yothamanga yosazungulira, ngakhale ya 128GB.