Khonde latsopano litaona mvula ndi dzuwa: zimene zapirira ndi zimene zagonja

Khonde lililonse limakongola sabata imene mmisiri wachoka. N'chifukwa chake ndinadikira kuti langa lidutse kaye m'nyengo ya mvula ndi ya dzuwa ndisananene kalikonse. Tinakonza pansi, masitepe, chitseko ndi magetsi, kenako tinawonjezera tinthu tokongoletsa. Patha miyezi yambiri tsopano, ndipo zimene zandisangalatsa kwambiri ndi zimene mlendo saziona n'komwe.

Ndiyambe ndi pansi. Khonde lakale linali losapendekeka, moti mvula ikabwera ndi mphepo madzi ankadikha pakhomo penipeni mpaka kulowa kunsi kwa chitseko. Mmisiri anakakamira kuti asanayale kanthu apendeketse pansi pang'ono, masentimita 2 pa mita iliyonse, kulozetsa kunja. Ndi maso simungazindikire, ndipo mpando sugwedera. Koma mvula ikangokata, madzi amatsetsereka okha, posakhalitsa pauma. Tinaikanso ngalande m'mphepete mwa denga kuti madzi asamagwere pa masitepe n'kumathovukira kukhoma. Palibe anayamikirapo ntchito ziwirizi, komabe ndi zimene zachititsa kuti khoma lisamere ndere ngati kale.

Matailosi tinasankha a porcelain okhakhala, olembedwa R11 pa katoni. Nambalayi imasonyeza mmene tailosi imagwirira phazi, kuyambira R9 mpaka R13, ndipo ikamakwera ndiye kuti kuterera kukuchepa. Porcelain amamwa madzi ochepa kwambiri, osapitirira 0.5 peresenti ya kulemera kwake, n'chifukwa chake amayenera panja. Pa nkhani ya kuterera ndilibe dandaulo: ana amathamangapo mapazi ali onyowa, palibe amene wagwapo. Vuto lake ndi loti kukhakhala komweko kumasunga dothi. Kukolopa wamba sikukwanira, nsanza imangokodwa n'kusiya ulusi, ndiye pamafunika burashi ndi madzi a sopo nthawi ndi nthawi. Amene akufuna pansi pongodutsitsa nsanza kamodzi, matailosi awa amutopetsa. Simenti ya m'mipata ya matailosi inali yoyererako, pano yada m'njira imene anthu amadutsa, pomwe m'mphepete ikadali yoyera. Kwa wina amene akuyala lero ndinganene kuti asankhe yotuwa kuyambira pachiyambi, chifukwa mapeto ake idzatuwa ndithu.

Masitepe sitinayale matailosi, tinangopaka penti wa pansi. Tinadikira masiku 28 kuti simenti ikhwime monga amalangizira, ndipo penti anagwira bwino, sanatukusire. Koma m'mphepete mwa sitepe iliyonse, pamene nsapato imayamba kugunda, wayamba kufufutika. Izi n'zosapeweka, penti wa pa sitepe ndi wobwereza. Chimene chakhalitsa ndi muyezo: masitepe onse ndi ofanana, masentimita 17 kutalika kwake. Akale anali osiyana, ina yaitali ina yaifupi, ndipo phazi likazolowera sitepe yoyamba limayembekezera kuti yachiwiri ikhala chimodzimodzi. Achikulire akabwera ndi amene amaona kusiyanako, sakugwiranso khoma pokwera.

Chitseko ndiye chandikhumudwitsa. N'chamatabwa, chopakidwa vanishi, ndipo tsiku loyamba chinkawala ngati chathiridwa uchi. Khomo langa linaloza kumadzulo, choncho dzuwa la masana likapendeka limalowa pansi pa denga n'kumenya theka lakumunsi la chitseko. Lero mukaima patali mumaona mzere: kumtunda kumene kuli mthunzi vanishi akadali bwino, kumunsi wayera ndipo wayamba kusendeka timakoko. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa vanishi woonekera n'kuwononga thabwa pamwamba pake, vanishiyo n'kusowa pogwira. Penti amatchinga kuwalako, n'chifukwa chake amakhalitsa kuposa vanishi pamalo otere. Chitseko choloza kumene dzuwa silifika sichingavute chonchi, ndiye musanasirire cha mnzanu muone kaye kumene khomo lanu linaloza.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene kalipentala anachita bwino. Anachizula chitsekocho n'kupaka kunsi ndi pamwamba, mbali zimene ambiri amazisiya poti sizioneka. Kumeneko ndi kumene thabwa limamwera chinyezi. Nyengo yonse ya mvula sichinafufume, chimatsekeka popanda kukankha ndi phewa. Mahinjesi a chitsulo chosachita dzimbiri nawonso ali bwinobwino. Chogwirira chakuda cha chitsekocho, chimene chinkaoneka chapamwamba, chayamba kukalika pamene makiyi amagunda, mkati mukuoneka chitsulo choyera.

Za magetsi, kusintha kwakukulu kunabwera ndi kanthu kakang'ono. Babu loyera kwambiri la 6500K limene linalipo linkaitana tizilombo touluka, tizilomboto n'kuitana akangaude, m'mawa khonde lonse mapiko okhaokha. Tinaika la LED lofiirirako la 2700K. Tizilombo sitinatheretu, koma tachepa moti mutha kukhala panja madzulo osadzikupiza. Chotchingira babucho n'cholembedwa IP44, kutanthauza kuti madzi othovuka sachiwononga, ndipo pansi pa denga n'chokwanira. Pamalo pamene mvula imamenya mwachindunji pamafunika IP65. Kachipangizo koyatsa getsi munthu akamayandikira n'kabwino mukafika usiku manja ali odzaza. Kungoti kamamva kutentha kwa chinthu choyenda, sikasiyanitsa munthu ndi mphaka, moti masabata oyamba getsi linkayaka pakati pa usiku mpaka tinakaweramitsa ndi kukachepetsa mphamvu. Timagetsi ta sola tozika m'mbali mwa njira sindingatilimbikitse kwa aliyense. Poyamba tinkayaka mpaka m'bandakucha, pano timazima anthu asanagone, ndipo pulasitiki wa pamwamba wachita mbuu.

Miphika ya maluwa imakongoletsadi khomo, koma ili ndi zake. Ikakhala pansi mwachindunji imasiya zizindikiro zozungulira zovuta kuchotsa, ndiye tinaikweza pa timiyendo kuti mphepo izidutsa kunsi. Timbale tolandira madzi tinatichotseratu, chifukwa m'madzi odikha udzudzu umatha kuswana n'kukula m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono nyengo ikamatentha. Chopukutira mapazi cha ulusi wa kokonati chimachotsa matope bwino kwambiri, koma chikanyowa chimachedwa kuuma ndipo chimayoyoka. Tinachisunthira mkati mwa khonde, panja tinaika cha labala chokhala ndi mabowo.

Benchi ndinaigula mokayikira, poganiza kuti ingodzaza malo. Pano ndi pamene timavulira nsapato, kutula katundu pofufuza makiyi, ndi kulandirira munthu amene wabwera ndi uthenga wachidule. Iyenera kungokhala yosatchinga njira, chitseko chizitseguka chonse.

Ntchito imene yatsala mvula ina isanayambe ndi ya chitseko. Ndichipala ndi sandipepa mpaka thabwa lioneke, ndipake penti woyambira, kenako penti wa panja wowalirako, chifukwa wakuda amakoka kutentha ndipo thabwa limang'aluka msanga. Masitepe nawo alandira penti wina m'mphepete, ndipo ulendo uno ndisakanizamo mchenga wosefa pang'ono kuti phazi lizigwira.