Birita wa pa pedereira ija ndi wabwino, koma pitani mukaone thanki yawo ya madzi

Amene mwakhala mukundifunsa kuti miyala yothirira maziko a nyumba yanga ku Ulongwe ndinaitenga kuti, ndinagula pa pedereira, malo okumba ndi kuswa miyala, ina ili kunja kwa tauni, mukapatuka pa tala n'kuyenda ndithu msewu wafumbi mpaka kuseri kwa phiri. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Ndatengako matiripi 4, atatu a birita, amene abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu mumati kwale, ndi imodzi ya fumbi la miyala loumbira mabuloko, ndiye ndikuona kuti ndalipira zokwanira kuti ndilankhulepo.

Ndiyambe ndi zabwino asanene kuti ndine wanjiru. Mwala wake ndi mwaladi, wotuwa wa timadontho takuda tija, ukaumenya ndi hamala umalira ngati chitsulo osati zija zongofumbutuka ngati chigulumwa cha m'munda. Amasefa bwino, ukati ndikufuna wa mamilimita 19 amakupatsa womwewo, mulibe dothi mulibe zinyalala. Amisiri anga ndi bambo wachikulire, anayamba kumanga nthawi imene anthu ankabwerera kuchoka kothawa nkhondo ku Malawi, iwo anangotapa dzanja limodzi n'kuufikisa m'manja n'kuti "bwana, uyu sadya simenti". Ndipo zoonadi, birita wa dothi umathira simenti yambiri koma konkire yake osagwira, uyu matumba amene tinawerengera ndi omwewo anakwana. Kulipira ndi pa M-Pesa, lisiti amapereka, tiripi yoyamba lole inafika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Yachitatu inachedwa masiku awiri akuti mano a makina anatha akudikira ena, komanso inabwera yoperewera, ndinakwera pamwamba ndekha kuona, kutsogolo phiri kumbuyo chigwa kkkk. Ndinaimba foni, sanakangane nane, anadzawonjezera pa tiripi yotsatira. Dalaivala ndi munthu waulemu ngakhale ya refiresiko, kandalama kogulira chakumwa, sayiwala kupempha.

Bola ndikanangokhala pakhomo n'kumaitanitsa pa foni, nkhani ikanathera pamenepa ndipo ndikanakuuzani kuti thamangani mukagule. Koma tiripi yachiwiri ndinapitako ndekha, unali mwezi wa Seputembala, mphepo ili vuu.

Usanafike n'komwe umaona ngati kwayaka lupsa, kumwamba kuli mbuu, mitengo ya m'mbali mwa msewu masamba ake ngati wina wawaza phulusa. Makina ake amagwira chonchi, chimwala chachikulu amachigwetsera m'kamwa mwa chitsulo muli nsagwada ziwiri, ina yongokhala ina yopita uku ndi uku ikutafuna, zidutswa zimakwera pa lamba kupita ku makina achiwiri oswa zing'onozing'ono kenako pa masefa ogwedezeka amene amagawa uyu wamkulu uyu wapakati ili fumbi. Paliponse pamene mwala ukugwa kuchoka pa lamba pamatuluka chiutsi choyera. Anyamata ogwira ntchito pamenepo otuwa kuposa wa pachigayo, nsidze zoyera, mmodzi anamanga sikipa kukamwa, ena avala timamasiki tansalu totsala nthawi ya Covid. Ndiye chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mapaipi othira madzi alipo, anawaika bwinobwino pamwamba pa lamba ndi timilomo take topopera, koma ouma gwa. Ndinafunsa akapitawo kuti achimwene nanga madziwa bwanji, akuti pampu inafa tikukonza. Chapambali pali thanki yokoka ndi thirakitala yoti izinyowetsa msewu, tayala limodzi lili phwa, udzu unamera mozungulira n'kuuma, ndipo pansi pake nkhuku yakuda ili phee ikufungatira mazira. Nkhuku siikira pamalo poyendayenda abale.

Anthu ambiri timaona ngati fumbi ndi fumbi basi, ukamwa mkaka kapena maheu latsika. Ayi. La mwala ngati uwu lili ndi silika, ndipo loopsa si limene ukuliona likugwa pa malaya koma losalala kwambiri losaoneka ndi maso, limalowa mpaka pansi pa mapapo n'kukhazikika, thupi limalephera kulitulutsa ndiye mapapo amachita zipsera n'kumauma pang'onopang'ono. Matendawa amati silikosisi, alibe mankhwala ochiza, ndipo sabwera lero, munthu amasiya ntchito ali bwinobwino pakapita zaka n'kuyamba befu pokwera kachitunda, komanso amatsegulira njira TB. Ndi matenda omwe aja anapha anthu ambiri ogwira m'migodi ya golide ku South Africa, mpaka mu 2019 khoti la kumeneko linavomereza kuti makampani apereke ma rand 5 biliyoni a chipepeso, ndipo ena oyenera kulandira ndi a kuno ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Lesotho. Kansalu kukamwa sikatchinga fumbi limeneli. Chimene chimathandiza kwambiri ndi madzi omwewo, kunyowetsa mwala pamene ukusweka kuti fumbi lisadzuke n'komwe, kenako mamasiki enieni a fyuluta.

Kumunsi kwa phirilo kuli mudzi, ndipo zinangochitika kuti azakhali a akazi anga amakhala komweko, ndiye pobwerera ndinapatukira kuti ndikawalonjere. Atandipatsa mpando ndinaona akupukuta kaye ndi chitenje kawiri konse. Ndinati amayi mukukhala bwanji ndi anzanu a makinawa, anangoseka n'kuti "mwanawe dikira udye nsima". Inabwera nsima ya ufa woyera ndi nyemba, mbamu yoyamba mchenga m'mano. Ufa sangayanike pa mphasa pakati pa sabata, amadikira Lamulungu makina akazima, ukapanda kuuma tsiku limenelo basi udya miyala. Ku dimba kabichi ndi mpiru amatsuka asanapite nazo ku msika apo ayi ogula amati ndi zamankhwala. Kenako ananditengera kuseri kwa nyumba kundionetsa mng'alu wochoka pa windo kutsika mpaka pansi, chala changa cha mkombaphala chinalowa chonse.

Za kuphulitsa amati amaboola maenje m'thanthwe n'kuthiramo zophulitsira, pa ntchito ngati izi nthawi zambiri amagwiritsa amoniyamu naitireti wosakaniza ndi dizilo, ndiye chikalira nthaka imanjenjemera mbale n'kugwa pa thandala. Sayirini amaliza, pamenepo ndiwayamikire, koma tsiku ndi nthawi sizidziwika, lero 11 koloko mawa lake 4 koloko ana akuweruka ku sukulu. Tsiku lina mwala unauluka n'kuboola lata la neba wawo, kampani inabweretsa lata latsopano mawa lake lomwe popanda kulimbana, zimenezo ndi zoona ndipo anthu amanena okha. Koma za ming'alu amakana, akuti nyumba zanu munamanga ndi matope zikanang'aluka basi. Mwina zina n'zoona, nyumba ya matope imang'alukadi, koma ndani angaweruze pamene palibe anayenda nyumba ndi nyumba kujambula makoma ntchito isanayambe? Kumene amachita zinthu mwadongosolo amajambula kaye, ndipo pophulitsa amaika kachipangizo koyeza kunjenjemera kwa nthaka pa nyumba yoyandikira kwambiri, manambala akakwera amachepetsa zophulitsira kapena kuziphulitsa motsatizana osati zonse kamodzi. Pano mlandu umangothera pa mawu a agogo ndi mawu a enjiniya, ndiye mukudziwa kale amene amawina.

Musaganize kuti ndi kampani ya chinyengo yopanda mapepala, ayi, mu ofesi mwawo layisensi ya zachilengedwe ili pakhoma mu felemu ya galasi, ndinaiwerenga ndikudikira lisiti. Malamulo dziko lino alipo ndithu. Pali lamulo la zachilengedwe la 1997, lamulo la migodi la 2014, ndi Decreto 54/2015 imene imagawa ntchito m'magulu A+, A, B ndi C malinga ndi kuopsa kwake n'kunena kafukufuku amene akufunika munthu asanayambe kukumba, kuphatikizapo kufunsa anthu okhudzidwa pa ntchito zikuluzikulu, ndi pulani yolemba yosonyeza kuti fumbi, phokoso, madzi ndi dzenje lotsala adzazisamalira bwanji. Palinso bungwe la boma la AQUA loyendera ngati zolembedwazo zikutsatidwa. Azakhali akuti msonkhano unachitikadi pa bwalo la amfumu, kunabwera anthu a mafayilo, analankhula kwambiri Chipwitikizi womasulira n'kumadula mitu yokha, analonjeza mjigo, kunyowetsa msewu kawiri pa tsiku ndi ntchito kwa anyamata, anthu anasayina ena kudinda chala, kunali fanta ndi mabanzi. Mjigo anakumbadi, anyamata analembedwadi, ndi omwe aja a sikipa kukamwa. Koma chibuku cha pulanicho m'mudzi monse palibe ali nacho ngakhale amfumu, ndiye munthu ukakumbutsa lonjezo ulozera pati. Azakhali akuti madzi amathiridwa kukamveka kuti kukubwera alendo, tsiku limenelo msewu umachita kunyowa ngati kwagwa chizimalupsa. Kwa ine vuto lili pamenepa, kafukufuku anachitika, zida anagula, chosowa ndi munthu wotsegula mpope Lachiwiri wamba pamene palibe akuyang'ana.

Ndipo ife a chigawo cha Tete sitiyenera kuchita kuuzidwa. Pitani ku Moatize mukafunse za fumbi la malasha pa zovala zoyanika, kapena anthu amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malasha amene mu 2012 anafika potseka njanji kuti madandaulo awo amveke. Chaona mnzako chapita. Pedereira ndi kanthu kakang'ono poyerekeza ndi mgodi wa malasha, n'chifukwa chake palibe mtolankhani amabwera.

China chimene ndinaona ndi chidzenje chakale mbali imene anasiya kukumba, madzi obiriwira ali ndengundengu ngakhale mu Seputembala, mpanda palibe, ana atatu akusambira mbuzi zikumwa. Makoma ake ndi ochita kudulidwa chiriri, mwana akaterereka palibe pogwira, osanena za udzudzu ndi likodzo. Dothi lapamwamba limene anapala poyamba limayenera kusungidwa padera kuti adzabwezeretse n'kudzala mitengo, iwo analiunjika m'mphepete mwa khwawa ndipo dzinja lililonse limatsetserekera ku madimba.

Ena munena kuti bwanji osagula kwa amayi oswa pamanja m'mbali mwa msewu. Ndinagulako mawilibala angapo a pa khonde ndi chimbudzi, mtengo mumagwirizana ndipo ndalama imapita pa mphika mwachindunji. Koma wa pamanja sufanana kukula, pa viga, mtanda wa konkire uja, amisiri anga anaukana, ndipo musaganize kuti kumeneko kulibe vuto, amasonkha moto pa thanthwe ndi nkhuni kapena matayala kuti ling'aluke, amaswa opanda magalasi m'maso, mwana ali pambali akupuma fumbi lomwelo.

Tsono kunena mosabisa, nditaona zonsezi ndinagulabe matiripi ena awiri. Maziko anali pakatikati, mvula ikuyandikira, kwina kogula n'kutali thiransipoti yokha ikanandithyola msana. Sindikunyadira. Chimene ndinachita n'kulowa mu ofesi kulankhula ndi abwana ake, munthu wofatsa ndithu anandimvetsera mpaka kumaliza, anati "bambo, madzi kuno timachita kupopa, dizilo wakwera, ndiye makasitomala nomwenu mukangomva kuti kwina atsitsa pang'ono mumathawa". Ndinati ine onjezerani pa tiripi yanga bola mpope utseguke, anaseka akuti mukanakhala 50 oganiza choncho. Ndinapempha kuti lole yanga aiphimbe ndi lona podutsa m'mudzi, anaphimba, lona anali nayo kale kuseri kwa mpando wa dalaivala atangoipinda. Nanunso mukamaitanitsa nenani za lona, sizikuwonongerani ngakhale metikali imodzi, ndipo ngati mwapita nokha yang'anani mapaipi aja pa lamba mufunse mokweza anthu akumva.

Mwala ndikuwapatsa 5 pa 5, kasamalidwe ka kasitomala 4, kukhala ndi anthu oyandikana nawo 1, ndipo imodziyo ndi ya mjigo ndi lata lija. Ndatsala ndi tiripi imodzi ya silabu ya pamwamba mvula ikatha, ndinawauza azakhali kuti akangoona thanki ikuyenda mumsewu andibipe ndigule komweko, apo ayi ndiluma mano ndikatenga kutali. Sabata yatha anaimba okha za maliro a kwa amalume, pomaliza ndinafunsa za thanki. Akuti ili pompaja, nkhuku ija inaswa anapiye 7 ndipo pano yayambanso kuikira.